Mkazi wa Wojambula Alibe Chithunzi

Amuna anga ndi wojambula zithunzi. Anthu a mumsewu wathu amawatchula kuti a Tadikirani, chifukwa ndiwo malonje amene amalandira nawo aliyense wolowa mu situdiyo mwawo. Munthu angabwere ali wefuwefu, basi ikumusiya, iwo amayamba asuzumira kaye pazenera, kuyang'ana kumwamba, kenako n'kunena kuti, “Tadikirani pang'ono, kamtambo aka kadutse.” Dzina lawo lenileni ngakhale abale awo analiiwala. Ine ndakhala nawo pabanja mpaka imvi zatuluka, ndipo mwa onse amene anauzidwapo kuti adikire, palibe wadikira kuposa ine.

Situdiyoyo ndi chipinda chimodzi chachitali, chakumapeto kwa mzere wa mashopu, chogundana khoma ndi saluni. Kutsogolo kuli zenera loyang'ana kumsewu, kumene amaikako zithunzi zokopera anthu. Cham'kati, kumanzere, kuli zenera lina lalikulu, ndipo limenelo ndiye limatidyetsa. Analitchinga ndi nsalu yoyera yopyapyala imene kale inali shiti ya pabedi pathu. Khoma loyang'anizana nalo amalipaka laimu chaka ndi chaka, pamene khoma la kuchipinda kwathu lakhala likudikira penti kuyambira mwana wathu wachisamba akukwawa. Pakati pali kampando kopanda choyedzamira. Pakona pali kalilole, ndi chipeso chomangirira kuchingwe kuti anthu asamapite nacho.

Ndinalowa m'chipinda chimenechi koyamba ndili mtsikana, ndikufuna kachithunzi ka pachiphaso cha kuntchito. Anandikhazika pakampandoko, anandigwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kunditembenuzira kuzenera. Kenako anandiyang'ana. Chibadwire ndinali ndisanayang'anidwepo choncho ndi munthu, osaphethira, osathamanga, ngati padziko lonse lapansi palibenso ntchito ina koma nkhope yangayi. Nditatuluka ndinakauza mng'ono wanga kuti wojambula uja wandikonda. Sindinkadziwa kuti amayang'ana choncho wina aliyense, ngakhale mbuzi itati yabwera kudzajambulitsa. Kachithunziko kanali kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo ku ofesi anakadinda chidindo pamphuno penipeni. Kwa zaka zambiri, chimenecho ndicho chinali chithunzi chokhacho chimene amuna anga anandijambulapo. Za paukwati wathu anajambula mnzawo, ndipo iwo atazilandira anangopukusa mutu, amvekere anatiimika poipa.

Si munthu woipa ayi, nditchule zimenezi pachiyambi pomwe. Samwa, samenya, sanagonepo kunja. Vuto lawo ndi lakuti chilichonse chimene maso awo agwerapo amaonapo kuwala, chinthucho pambuyo. Tikamadya, mwana akaika supuni m'tambula ya madzi, chakudya chimazizira.

“Taonani, mayi, supuni yathyoka,” amatero, atakweza tambulayo m'mwamba.

“Sinathyoke. Idyani.”

“Inde sinathyoke. Kuwala kukamayenda mumpweya kumawongoka, koma kukalowa m'madzi kumachepetsa liwiro, ndiye kumakhota. Diso silidziwa kuti kwakhota, limangokhulupirira.”

Chaka china ndinasoketsa delesi lofiira, telala anachita kulimbikira. Ndinavala, ndinadziphoda, n'kukaima pakhomo la pabalaza kuti andione. Anakweza maso n'kuyang'anitsitsa.

“Mukudziwa chifukwa chake likuoneka lofiira?” anafunsa. “Kuwala kwa dzuwa kumene timati n'koyeraku kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza m'kati mwake. Nsalu imeneyi yameza ina yonseyo, yakana wofiira wokha, n'kuubweza m'maso mwanga.”

“Ndiye ndatchena kapena sindinatchene?”

“Nsalu yabwino,” anatero.

Ndinakavula, ndipo delesilo ndinapatsa mng'ono wanga.

Pantchito yawo pokha sindingawanamizire, ndi katswiri. Getsi la pakamera long'anima lija amadana nalo, amati n'kumenya munthu mbama ndi kuwala. Dzuwa lolunjika nalonso salifuna, limakumba maenje akuda m'maso ndi pansi pa mphuno. Shiti yathu ija ntchito yake n'kumwaza kuwala kuti kulowe mofatsa, kuchokera mbali zambiri. Khoma la laimu limakulandira n'kukubwezera kutsaya linalo. Akafuna kuti mbali ina ya nkhope ide pang'ono amapachika nsalu yakuda, chifukwa chakuda chimamwa kuwala osabweza. Munthu akabwera atadzola mafuta ambiri, amamupukuta pachipumi ndi kansalu n'kumuthira paudala, amvekere khungu lonyowa limasanduka kalilole, limaponya kuwala konse malo amodzi. Ojambula ena a m'tauni ankatulutsa amayi akuda bii ngati makala okhala ndi mano. Amuna anga ankati khungu lakuda silinayambanepo ndi kamera, limangofuna kuwala kofewa kodzera cham'mbali. Mbiri inawanda, ndipo akazi ankachita kukwera mabasi awiri kudzakhala pakampando kaja.

Apa ndiye pamene panayambira matenda anga. Tsiku ndi tsiku, zala ziwiri zija zinali pachibwano cha mkazi wina. Maso aja, amene ine ndinakwatiwa nawo, ankagawidwa kwa aliyense wolowa pakhomo: aphunzitsi, akwati, amayi a kwaya, ngakhale atsikana ovala zothina amene sakanatha kundipatsa moni. Ndinkaona mmene ankatulukira, akumwetulira okha, akuyenda ngati apepuka. Ndinkakudziwa kumwetulira kumeneko chifukwa nanenso ndinatuluka nako tsiku lina.

Ndipo musaganize kuti ndinkangomva kwa anthu. Ndinalipo. Masiku otanganidwa ankandiitana kudzathandiza, ndipo ntchito yanga inali kugwira bolodi. Ndi chikatoni chachikulu chomata pepala loyera, chimene umachigwira pansi pa chibwano cha wojambulidwa kuti chibweze kuwala m'mwamba, makwinya a m'khosi ndi mithunzi ya pansi pa maso zichoke. Ndagwada pansi pa akazi osawerengeka, mikono ikuwawa, ndikuwachotsera zaka. Tsiku lina bolodilo linanyowa ndi mvula yodontha kudenga. Amuna anga anayang'anayang'ana m'chipindamo, maso awo n'kugwera pa ine.

“Mayi, mwavala zoyera. Taimani apa, chapafupi ndi mayiwa. Sunthani pang'ono. Basi, pomwepo, musagwedezeke.”

Ndinaima. Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ya khoma, ndipo chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri.

Mwa akazi onsewo, amene anandidya moyo ndi mwini saluni. Ine ndinamupatsa dzina lakuti Nyezinyezi, ndipo linamukhala mpaka mumsewu monse. Ndi mkazi wamtali, wakhungu losalala ngati biringanya, woseka mokweza. Iye amawatchula amuna anga kuti achimwene, ine amanditchula kuti alamu, koma akafuna kundiputa amafuula ali pakhomo pake kuti, “Mkazi mnzanga, mwadzuka bwanji?” anthu n'kumaseka. Nanenso ndinkaseka, mano okha. Akatulukira kamangidwe katsopano ka tsitsi ankangodutsa khomo limodzi n'kudzakhala pakampando, ndipo chithunzi chake chachikulu ndicho chinkakhala pakati pa zenera la kumsewu.

“Bwanji nthawi zonse yemweyo?” ndinafunsa tsiku lina.

“Khungu lake limadziwa kubweza kuwala. Silimeza konse, siliponyanso konse. Taonani patsayapo.”

“Chikomekome cha mkuyu.”

“Ine za m'kati sindijambula, mayi.”

Chimene chinkanditonthoza ndi dzuwa. Zenera la kumsewu limawombedwa masana onse, ndipo pakapita miyezi chithunzi cha Nyezinyezi chinkayamba kusuluka. Milomo yofiira ija inkayamba kuchoka, kenako bulauzi, mpaka nkhope yonse inkatsala yabuluu ngati ya munthu wozizidwa. Ndinkadutsa dala pamenepo popita kumsika kuti ndione pamene pafika. Amuna anga ankati kuwala kumene utoto wameza sikungokhala phee m'katimo, kumauphwanya pang'onopang'ono, ndipo pazithunzi zawozo wofiira ndiwo unkayamba kugonja. Ine ndinkangoti dzuwa lokha ndilo lili kumbali yanga. Koma chisangalalo changa sichinkakhalitsa, chifukwa chikangosuluka ankamuitananso kudzajambula china.

Ndinafufuza, sindikana. Nthawi imeneyo ankatsukira okha zithunzi m'kachipinda kamdima kuseri kwa situdiyo, mmene munkayaka babu lofiira lokha chifukwa pepala la zithunzi silimva kuwala kofiira. Ndinalowamo mwadzidzidzi kangapo, ndikuyembekeza kupeza munthu. Ndinkapeza amuna anga okha atawerama pabeseni, akuyang'ana nkhope ya mkazi ikutuluka pang'onopang'ono papepala lonyowa, ndipo chimene ndinkalandira ndi chakuti, “Chitseko, mayi, mwalowetsa kuwala.” Ndinanunkhiza malaya, ndinapisa m'matumba, ndinatuma mng'ono wanga kukamangitsa tsitsi kusaluniko kuti akatchere khutu. Palibe chimene ndinapeza. Nthawi zina ndinkalakalaka nditapeza kanthu, chifukwa mkazi wa thupi ndi magazi ungathe kumupitira n'kukamulalatira.

Chimene ndinkafuna chinali chaching'ono. Ndinkafuna kukhala pakampando kaja, amuna anga andiyang'ane monga anandiyang'anira tsiku loyamba, ndikhale ndi chithunzi chojambulidwa ndi manja awo. Ndinapempha ndili ndi mimba yoyamba.

“Inu mulipo, mayi, simukuthawa. Lero kuwala sikuli bwino.”

Ndinapemphanso mwana atayamba sukulu.

“Loweruka, kukakhala kulibe anthu.”

Loweruka kunabwera ukwati. Paja amati woumba mbiya amaphikira m'phale. Nditapempha kachitatu n'kuuzidwa kuti filimu yatsala yochepa, ndinalumbira mumtima kuti sindidzatsegulanso pakamwa. Mkazi sachita kupempha kuti mwamuna wake amuyang'ane. Ndinasunga lumbirolo zaka zambiri, ndipo iwo sanazindikire n'komwe kuti pali lumbiro.

Kenako kunabwera mafoni, aliyense n'kukhala wojambula. Kachipinda kamdima kaja kanasanduka kosungiramo makatoni, anagula kamera yopanda filimu, koma zenera, shiti ndi bolodi sanazisiye. Anthu anachepa, ankabwera okhawo ofuna chithunzi chopachika pakhoma. Mwana wathu wachisamba, amene ndi nesi, amandijambula ndi foni yake akabwera kudzationa. Amanditambasulira dzanja, amvekere, “Amama, tasekani,” n'kudina kakhumi maso ali kwina. Ndili nazo zambirimbiri zoterozo, ndipo sindizitsegula.

Matenda a maso a amuna anga anayamba ngati kulongolola. Ankapukuta galasi la kamera kosalekeza. Ankati shiti ya pazenera yada, ine n'kuichapa, mawa lake n'kunenanso kuti yada. Anapaka khoma laimu kawiri m'chaka chimodzi, akuti laimu wa masiku ano ndi wachikasu. Tikamayenda mumsewu, galimoto ikangonyezimira ndi dzuwa, ankaima n'kuphimba nkhope. Tsiku lina Nyezinyezi anabweza chithunzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, amvekere, “Achimwene, apa ndiye mwandisokoneza, maso anga sakuoneka bwino.” Mwana wathu atabwera anawakhazika pakhonde, anawaunika m'maso ndi katochi, n'kupumira m'mwamba.

“Adadi, ndi ng'ala, maso onse awiri. M'diso muli kagalasi kamene kamasonkhanitsa kuwala. Kanu kachita chifunga, ndiye m'malo mosonkhanitsa kakumwaza. Kasandukanso kachikasu, n'chifukwa chake mukulimbana ndi khoma losalakwa.”

Anaseka pang'ono. “Ndiye kuti ndapachika shiti m'kati mwa diso.”

“Amachotsa, adadi. Amaikamo kagalasi kena koyera. Si ntchito yaikulu.”

“Mpeni m'diso langa? Tadikirani kaye.”

Anadikiradi, chaka chathunthu ndi miyezi, situdiyo ili yotseka. Ndinene zoona, imeneyo ndiyo nyengo imene ndinasangalala kwambiri m'banja langa, ndipo manyazi ndilibe. Akazi onse a m'tauni anasanduka chifunga chimodzi. Nyezinyezi akabwera kudzazonda, ankachita kufunsa kuti, “Ndani ameneyo?” ine n'kuyankha mokoma kuti, “Ndi mayi a kusaluni aja.” Powoloka msewu ankandigwira mkono. Ndinkawawerengera nyuzipepala, kuwasankhira malaya, kuwauza pamene pali kapu. Ankandizindikira ndi mapazi ndisanalankhule. Sankandiona, n'zoona, koma sankaonanso wina aliyense, ndipo kwa ine zimenezo zinali zokwanira. Mwana wathu akamawakakamiza za opaleshoni, ine ndinkati, “Asiye bambo ako, mantha sakakamiza.”

Koma munthu ankafota. Ankakhala pakhonde atatembenuzira nkhope kudzuwa, akutambasula chikhatho n'kuchitembenuza, ngati akufuna kumva ndi khungu chimene maso akana. Tsiku lina ndinawapeza akulira mwakachetechete chifukwa mdzukulu wathu anawabweretsera galasi losweka la botolo kuti amuonetse utawaleza pakhoma monga ankachitira kale, iwo osauona. Mawa lake ndinaimbira ndekha mwana wathu kuti akonze za kuchipatala.

Anayamba ndi diso lakumanja. Tsiku lokachotsa bandeji ndinadzuka m'mamawa. Ndinasita delesi langa labwino, ndinamanga duku latsopano, ndinadziphoda mpaka mwana wathu anandiyang'ana kawiri.

“Amama, tikupita kuchipatala, osati kuukwati.”

“Samala zako.”

Ndinali nditaganiza kale. Munthu akakhala nthawi yaitali osaona, chinthu choyamba chimene aone chimakhala chatsopano kwa iye. Ndinkafuna kuti chinthu chimenecho chikhale ine. M'chipinda cha dokotala ndinasankha malo anga bwinobwino, kutsogolo kwawo kwenikweni, zenera lili kumbuyo kwanga. Dokotala anamatula bandeji, anapukuta m'mbali mwa diso, n'kunena kuti atsegule pang'onopang'ono. Anaphethira, misozi inatsika, diso linayendayenda. Linadutsa pa ine n'kukaima pa yunifolomu ya nesi wa pamenepo.

“Choyera n'choyeradi,” ananong'ona. Anayang'ana khoma, anayang'ana chitsulo cha bedi, anatenga tambula ya madzi patebulo n'kuikweza, akuseka ngati mwana. “Buluu. Ndinali nditaiwala kuti m'choyera muli buluu.”

Ine ndili chiimire, kumwetulira kukuuma pankhope. Pomaliza anatembenukira kwa ine, anatsinzina pang'ono, n'kukupiza dzanja cham'mbali.

“Mayi, tasunthani pang'ono, mwanditchinga kuwala.”

Dokotala anaseka, mwana wathu anaseka. Ine ndinasuntha. M'basi pobwerera sindinalankhule, ndipo iwo sanazindikire chifukwa mphuno inali pagalasi njira yonse, akuwerenga zikwangwani mokweza.

Diso lachiwiri litapola anatsegulanso situdiyo. M'mawa wa tsiku loyamba ndinawatsatira. Ndinawapeza akupachika shiti yochapa pazenera, akuimba kanyimbo. Sindinapereke moni. Ndinapita molunjika pakampando kaja n'kukhala, chikwama chili pamiyendo.

“Mayi, pamenepo pabwera anthu.”

“Ine si munthu?”

Anatsika pamakwerero n'kundiyang'ana modabwa. Ndinalavula zakukhosi zonse, kuyambira chidindo cha pamphuno, delesi lofiira, bolodi, tsiku limene anandisandutsa khoma, mpaka za kuchipatala. Ndinawauza kuti ndawachapira shiti imeneyo mpaka zala zatha, kuti ndakongoletsa akazi a tauni yonse nditagwada, kuti ndikadzafa ana adzasowa chithunzi choika pabokosi, adzachita kudula cha pafoni, mkazi wa wojambula. Ndinawauza kuti sindichoka pakampandopo ngakhale abwere akwati ndi operekeza awo. Mawu anga anakwera mpaka choumitsira tsitsi cha kusaluni chinazima, ndipo ndinadziwa kuti kuseri kwa khomalo makutu ali tcheru.

“Bwanji simunanene?” anafunsa.

Ndikanakhala ndi chinthu m'manja kupatula chikwama, sindikudziwa chimene ndikanachita. Koma iwo anali atasiya kale kundimvera. Anali atapendeketsa mutu, akuyang'ana patsaya langa lakumanzere. Anabwera pafupi, anandichotsa chikwama n'kuchiika pansi, anandipukuta pachipumi ndi kansalu kawo. Kenako zala ziwiri zija zinafika pachibwano panga, zozizira, zokhakhala kuposa kale, n'kunditembenuzira kuzenera.

“Bolodi,” anatero, akuyang'ana uku ndi uku. Anazindikira kuti wogwira bolodi ndi amene wakhala pakampando. Anagogoda khoma la saluni. “Achemwali, tabwerani mundithandize.”

Nyezinyezi analowa chipeso chili m'manja, nayenso tsopano ndi mayi wamkulu wa mawondo olira. Anamupatsa bolodi n'kumuuza kuti agwade. Anagwada, akubuula, n'kundiyang'ana chokweza maso.

“Alamu, chinthuchi n'cholemera chonchi? Zaka zonsezi osanena?”

“Kwezani pang'ono,” ndinatero. “Mukundisiyira mthunzi m'khosi.”

Ndinayembekeza kuti ndimva kukoma, ndipo ndinamvadi, koma pang'ono. Chifukwa nditakweza maso n'kukumana ndi a amuna anga, ndinaona chimene sindikanatha kuona ndili mtsikana. Maso aja anali pa ine, osaphethira, osathamanga, monga kale. Koma sankakumana ndi anga. Ankayenda pachipumi, kutsikira patsaya, kuima pamphepete pa mlomo, kubwerera. Ankatsatira pamene kuwala kwagwera ndi pamene kwathera. Akazi onse aja amene ndinawachitira nsanje analandira zimenezi basi, ndipo anapita kwawo akuganiza kuti apatsidwa kanthu. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndipo pamene nkhope yanga inali isanasankhe, kamera inalira.

“Basi,” anatero.

“Kamodzi kokha?”

“Kakwana.”

Chithunzicho anachibweretsa kunyumba patapita masiku, chachikulu, chili m'felemu yakuda. Ndinachiyang'ana nditaima pakhomo la kukhitchini. Ndi ine, palibe angatsutse. Imvi zikuoneka m'mphepete mwa duku, makwinya sanawabise, ngakhale kachipsera ka mafuta otentha pafupi ndi khutu kalipo. Koma mkazi ameneyo khungu lake likuwala ngati muli nyali m'kati. Mlomo wake wakwiya, maso ake anyowa, ndipo akuoneka ngati munthu amene ali pafupi kunena chinthu chimene aliyense angafune kumva. Mwana wathu atachiona anagwira pakamwa. Nyezinyezi anabwera dala kudzachiona, anachiyang'anitsitsa, kenako anati, “Achimwene, ine simunandijambulepo chonchi,” ndipo sanamalize tiyi wake.

Amuna anga amati pa zithunzi zonse zimene anajambula moyo wawo wonse, chimenechi ndicho sangachikonze paliponse. Anachipachika pabalaza, pakhoma loyang'anizana ndi mpando wawo, atayesa misomali malo atatu kuti galasi lake lisamanyezimire. M'mawa uliwonse asanapite kusitudiyo amakhala pamenepo n'kumachiyang'ana. Akabwerako madzulo amafikira pomwepo, nsapato asanavule. Alendo akabwera amawaimika patsogolo pake n'kuyamba kufotokoza za tsaya lakumanzere. Ndawamvapo akuchilankhula, motsitsa mawu, mawu amene ine sanandilankhulepo.

Dzulo ndinawabweretsera tiyi. Ndinaima pambali pa mpando wawo, kapu ili m'manja, pafupi moti akanatha kumva kupuma kwanga. Anatambasula dzanja n'kulandira kapuyo osatembenuka.

“Taonani maso akewo, mayi,” anatero. “Mkazi ameneyu ndingamuyang'ane tsiku lonse.”

Ndinamuyang'ana mkaziyo, iyenso anandiyang'ana. Sakalamba, salongolola, satchinga kuwala kwa munthu. Uyu ndiye sindingamuthamangitse, chifukwa ndinachita kumenyera ndekha kuti alowe m'nyumba muno. Fumbi la pagalasi lake ndimapukuta ndine.